Magazi akakana kuleka pa siza: ulusi, baluni, kumanga mitsempha, kapena kuchotsa chiberekero?

Mwana watuluka, walira, mzamba wamulandira m'nsalu. Nthawi imeneyi mitima ya onse m'fiyeta imakhala pansi. Kenako dokotala amaika dzanja pachiberekero kuti ayambe kusoka, n'kupeza kuti m'malo molimba ngati chibakera, chili chofewa, cholefuka ngati thumba lonyowa. Akachifinya chimalimbako, akachisiya chimafookanso, ndipo pamene wangopukuta kumene padzazanso magazi. Botolo la makina oyamwa, limene munali madzi a m'chiberekero okha, layamba kufiira n'kumakwera. Wogonetsa wodwala, amene anali phee kumutu, amanena motsitsa mawu kuti mtima wayamba kuthamanga.

Mimba ikafika kumapeto, magazi opita kuchiberekero amaposa theka la lita pa mphindi iliyonse, pamene thupi lonse la mayiyo lili ndi malita pafupifupi 6. Mukawerengera muona kuti nthawi yokambirana ndi yochepa kwambiri. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti amayi pafupifupi 14 miliyoni amataya magazi ambiri pobereka chaka chilichonse, ndipo pafupifupi 70,000 mwa iwo amamwalira. Pa siza, mabuku ambiri akhala akuika malire pa lita imodzi: zikapitirira apo, ndiye kuti zinthu zavuta.

Njira za opaleshoni zoletsera magaziwa zilipo zingapo, ndipo ophunzira amakonda kufunsa kuti yopambana zonse ndi iti. M'chaka cha 2007 ofufuza a ku London anasonkhanitsa malipoti a njira zinayi zopulumutsa chiberekero, baluni, ulusi wofinya, kumanga mitsempha ndi kutseka mitsempha ndi makina ojambulira, napeza kuti zonse zinathandiza amayi pakati pa 84 ndi 92 pa 100 alionse. Panalibe imene inasiya zinzake kutali. Choncho kusankha kumadalira zinthu zitatu: chimene chikutulutsa magazi, luso limene lili m'manja mwa amene wagwira singano, ndi nthawi imene mayiyo watsala nayo. Pa zitatuzi, chimene ndachiona chikuiwalika kwambiri ndi nthawi.

Yambani mwapeza pamene akuchokera

Nsengwa ikachoka imasiya chilonda chachikulu ngati mbale, chodzaza ndi mitsempha yotseguka. Mitsemphayi imadutsa pakati pa minofu yolukanalukana, ndipo minofuyo ikakungika imaipana yokha. Chiberekero chikalephera kukungika, palibe chotseka. Mwa amayi 10 alionse otaya magazi ambiri pobereka, vuto limeneli ndilo limayambitsa kwa pafupifupi 7, makamaka amene avutika nthawi yaitali pobereka, amene anali ndi mapasa kapena mwana wamkulu, ndi amene m'chiberekero mwalowa matenda.

Koma pa siza pali zinanso zimene siziyenera kuphonyedwa. Pamene pachekedwa pamatha kung'ambika kupita m'mbali mpaka kukhudza mtsempha waukulu wa chiberekero, makamaka ngati mutu wa mwana unali utalowa kale kwambiri n'kutulutsidwa movutikira. Nsengwa imatha kutsalira kapena kumerera. Magazi enieniwo amatha kusiya kuundana, monga zimachitikira nsengwa ikamatuka mwana asanabadwe. Ulusi wofinya chiberekero chonse sungachite kanthu pa mtsempha wong'ambika pakona, ndipo baluni singakonze magazi osaundana. N'chifukwa chake dokotala wodekha amatulutsa chiberekero kunja kwa mimba, n'kuyang'ana makona onse awiri, kumbuyo kwake ndi m'kati mwake, asanasankhe chochita. Ndipo wina aziweramira pansi pa nsalu kuona pakati pa miyendo. Pamwamba pakhoza kuoneka pouma bwinobwino pamene magazi akutsikira kunjira yoberekera n'kumadzaza pa machira osaonedwa ndi aliyense.

Mankhwala amayamba kale mpeni usanaganiziridwenso. Pa mankhwala okungitsa chiberekero, oxytocin ndiye woyamba. Ergometrine ndi wamphamvu koma sapatsidwa kwa mayi wothamanga magazi, carboprost sapatsidwa kwa wodwala mphumu, ndipo misoprostol amathandiza pamene enawo palibe. Tranexamic acid, amene amateteza magazi oundana kuti asasungunuke, asaiwalike. Pa kafukufuku wa WOMAN, amene zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2017 atayesa amayi oposa 20,000 m'maiko 21, galamu imodzi yoperekedwa pasanathe maola 3 chiberekereni inachepetsa imfa zobwera ndi kutaya magazi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Podikira kuti mankhwala agwire kapena kuti dokotala wamkulu afike, manja awiri ofinya chiberekero amagwira ntchito yaikulu. Wothandiza akhoza kukanikiza mtsempha waukulu wa m'mimba, uja wa aorta, ndi chibakera cholozetsa kumsana, kapena katheta ya mkodzo n'kumangidwa mozungulira m'munsi mwa chiberekero. Zimenezi sizichiza, koma zimapatsa wogonetsa mpata wobwezera madzi ndi magazi, ndipo zimapatsa dokotala mpata woganiza.

Ulusi wofinya

Ngati vuto ndi chiberekero cholefuka ndipo mimba ili kale chitsegulire, ine ndimayamba ndi ulusi. Christopher B-Lynch, dokotala wochokera ku Sierra Leone amene ankagwira ntchito ku Milton Keynes ku England, anayesa njira yake koyamba mu 1989 ndipo anaifalitsa mu 1997 atathandiza nayo amayi asanu. Nzeru yake ndi yosavuta kumva: ngati manja akuletsa magazi pofinya, ulusi ugwire ntchito ya manjawo kuti dokotala athe kutseka mimba.

Singano imalowa masentimita 3 pansi pa pochekapo, cha kumbali imodzi, n'kutulukira masentimita 3 pamwamba pake. Ulusi umakwera kudutsa pamutu pa chiberekero n'kutsikira kumbuyo, kumene umalowanso m'kati, kudutsa chopingasa, kutulukira mbali inayo, kukweranso pamutu n'kubwerera kutsogolo. Ukamangidwa umaoneka ngati zingwe ziwiri za chikwama chobereka kumsana. Chinsinsi chake chili kwa wothandiza. Iyeyo ndiye amafinya chiberekero ndi manja onse awiri, pang'onopang'ono, pamene dokotala akungochotsa kulendewera kwa ulusi. Wofuna kufinya ndi ulusi wokha amaudula, kapena ulusiwo umacheka mnofu. Zikayenda bwino mumaona chiberekero chikupindika pang'ono cha kutsogolo, chikuchepa, mtundu wake ukuyererako, ndipo amene ali pakati pa miyendo amanena kuti kwauma. Ulusi wake ukhale wosungunuka wokha, chifukwa chiberekero chikamabwerera pa msinkhu wake zingwezo zimalendewera, ndipo ulusi wosasungunuka ukhoza kukola matumbo.

Musanasoke, yesani. Finyani ndi manja, wina ayang'ane kumusi. Magazi akaleka, ulusi uthandiza. Akapitirira kutuluka manja ali chifinyire, musataye mphindi zanu.

Ena anaifewetsa njirayi. Ya Hayman, imene inafalitsidwa mu 2002, imaboola ndi singano yoongoka kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo n'kumanga pamutu, ulusi uliwonse paokha, osafunika kutsegulanso chiberekero ngati chinali chitasokedwa kale. Ndi yachangu ndipo munthu amaiphunzira msanga. Ya Cho, yochokera ku Korea mu 2000, imasoka khoma lakutsogolo ndi lakumbuyo pamodzi m'timabokosi ta makona anayi pamalo penipeni pamene pakutuluka magazi. Imeneyi imathandiza pa malo amodzi ovuta, koma ndimaiopa ikachuluka, chifukwa imatsekera magazi ndi zotsalira m'timatumba mopanda potulukira. Mafinya ndi kumatana kwa makoma a chiberekero zalembedwapo pambuyo pake, ndipo mayi amene makoma amatana akhoza kusiya kusamba ndi kulephera kutenganso mimba, chimene tinkafuna kupulumutsa poyamba paja.

Ubwino wa ulusi ndi woti sufuna chipangizo chachilendo: singano yaikulu, ulusi wautali, ndi mphindi zochepa. Kuipa kwake ndi koti sugwira bwino m'munsi mwa chiberekero, ndipo ukathina kwambiri, makamaka ukaphatikizidwa ndi kumanga mitsempha, mbali ina ya chiberekero ikhoza kufa chifukwa chosowa magazi. Izi sizichitika kawirikawiri. Chimene chimachitika kawirikawiri ndi kuchedwa. Ku UK anatsatira amayi 211 amene anasokedwa ulusi wofinya, ndipo lipoti la mu 2011 linaonetsa kuti mmodzi mwa anayi alionse anachotsedwabe chiberekero. Amene anasokedwa patapita maola pakati pa 2 ndi 6 chiberekereni anali pa chiopsezo chochotsedwa chiberekero chochuluka pafupifupi kanayi poyerekeza ndi amene anasokedwa mu ola loyamba. Ulusi wake ndi womwewo, kasokedwe n'komweko. Chinasiyana ndi nthawi imene unaikidwa.

Baluni

Ulusi umafinya kuchokera kunja, baluni imakankha kuchokera m'kati. Yodziwika kwambiri ndi ya Bakri, imene imalandira madzi mpaka mamililita 500 ndipo ili ndi kapaipi kotulutsa magazi otsalira kuti muziona ngati akupitirira. Pa siza imalowetsedwa kudzera pochekapo, mchira wake n'kutsitsidwa pakhomo la chiberekero kuti wina aulandire kumusi. Chiberekero chimasokedwa kaye mosamala kuti singano isaboole baluniyo, kenako madzi amathiridwa mpaka magazi ataleka. Kumene kulibe ya Bakri anthu amamangirira kondomu ku katheta, njira imene Sayeba Akhter wa ku Dhaka ku Bangladesh anaifalitsa mu 2003.

Pamene baluni imaposa ulusi ndi m'munsi mwa chiberekero. Gawo limeneli lili ndi minofu yochepa, silikungika mwamphamvu, ndipo nsengwa ikakhala kuti inatsogola n'kukhala pamenepo, pamalo pake pamangonyenya magazi paliponse popanda mtsempha umodzi woti mungaugwire. Kusoka timalo tating'ono topingasa kumathandiza, koma nthawi zambiri baluni ndi imene imamaliza ntchito. Ndi yabwinonso kwa mayi amene wayamba kutaya magazi mimba itatsekedwa kale, chifukwa imalowa kudzera kumusi popanda kumutsegulanso. Ena amaphatikiza baluni ndi ulusi wa B-Lynch, koma pamenepo madzi asachuluke, chifukwa khoma lapanidwa mbali zonse ziwiri.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi baluni ndi mtendere wabodza umene imabweretsa. Khomo la chiberekero likakhala lotseguka, baluni imatsetsereka n'kukhala m'njira yoberekera, n'kutseka ngati chivundikiro pamene magazi akuunjikana pamwamba pake. Pansalu pamakhala poyera, koma mtima ukuthamangabe ndipo chiberekero chikukwera kupitirira mchombo. Kafukufuku wa ku Mali ndi Benin, ndi wina wa ku Egypt, Senegal ndi Uganda, pa amayi obereka mwachibadwa, sanapeze phindu limene anthu ankayembekezera ku baluni ya kondomu, ndipo mu 2021 WHO inalangiza kuti baluni izigwiritsidwa ntchito pokhapokha pamene opaleshoni ndi magazi othira zikupezeka msanga. Ndiye kuti baluni ndi mayeso. Mukathira madzi, yang'anani kwa mphindi zochepa. Magazi akaleka, isiyeni ndi diripi ya oxytocin ndi mankhwala opha tizilombo, osapitirira maola 24, ndipo muiphwetse pang'onopang'ono masana anthu onse alipo. Akapanda kuleka, pitani ku njira ina nthawi yomweyo.

Kumanga mitsempha

Pano tikutseka mpopi m'malo mofinya thumba. Magazi ambiri a chiberekero cha mimba, pafupifupi 9 mwa magawo 10, amadzera m'mitsempha iwiri yokwera m'mbali mwake. Njira ya O'Leary, imene inafalitsidwa mu 1966, imamanga mitsempha imeneyi. Chikhodzodzo chimakankhidwira pansi kaye. Singano imalowa masentimita 2 kapena 3 pansi pa pochekapo, n'kutenga mnofu wa chiberekero wokwanira, n'kutulukira pa kachikopa kopyapyala ka m'mbali pamalo popanda mitsempha. Mukaunika ndi nyale kuseri kwa kachikopako, malowo amaonekera. Mtsempha sudulidwa, umangomangidwa, ndipo pakapita nthawi umatsegukanso, n'chifukwa chake amayi amabwereranso kumwezi ndipo ambiri amatenganso mimba. Mu 1995 O'Leary analemba za amayi 265 amene anamangidwa motere, ndipo oposa 9 mwa 10 alionse magazi analeka.

Kwa ine njira imeneyi siipatsidwa ulemu woyenera. Ndi yachangu, ndipo pa chiberekero chong'ambika m'mbali palibe ina yoiposa. Choopsa chake ndi kapaipi kochokera ku impso kupita kuchikhodzodzo, kamene kamadutsa pansi pa mtsemphawo pafupifupi masentimita 2 kuchokera pakhomo la chiberekero. Amene amasoka mwamantha m'dziwe la magazi, osaona bwino, osatsitsa chikhodzodzo, amakamangira kumodzi. Mayi amapulumuka lero, n'kubweranso patapita masiku ndi ululu wa m'nthiti, kutentha thupi kapena mkodzo wongotuluka wokha.

Mu 1994 AbdRabbo wa ku Egypt analongosola kumanga kwa pang'onopang'ono: mbali imodzi, kenako inayo, kenako m'munsi, ndipo pomaliza mitsempha yochokera cha ku timatumba ta mazira, n'kuima paliponse pamene magazi alekera. Nzeru yabwino, bola aliyense adziwe kuti masitepe amenewa ndi a mphindi, osati a maola.

Kumanga mtsempha wa m'kati mwa chiuno, uja wa internal iliac, ndi nkhani ina. Burchell anaonetsa mu 1968 kuti ukamangidwa mbali zonse ziwiri mphamvu ya kugunda kwa magazi m'munsimo imatsika ndi 85 pa 100, kotero magazi amayenda mofatsa n'kupeza mpata woundana. Pa pepala zimamveka bwino. Koma mtsemphawo uli mozama kuseri kwa chikopa cha m'mimba, kapaipi ka impso kamadutsa pamwamba pake, ndipo pansi pake pagona mtsempha wobweza magazi wa khoma lopyapyala kwambiri, umene ukabooka magazi ake ndi ovuta kuletsa kuposa amene munayamba nawo. Wolakwitsa n'kumanga mtsempha wakunja, wopita kumwendo, m'malo mwa wam'kati amapha mwendo, n'chifukwa chake wina amagwira kugunda kwa mtsempha wa m'mphechepeche ulusi usanamangidwe ndiponso utamangidwa. Njirayi ndi ya munthu amene anaichitapo kangapo mtima uli m'malo. Amene sanaichitepo asaiphunzirire pa mayi amene akutha magazi. Malo ake enieni ndi pamene magazi akuchokera m'mbali mwa chiuno kapena akupitirira chiberekero chitachotsedwa kale.

Kutseka mitsempha ndi makina ojambulira

Katswiri amalowetsa kapaipi kopyapyala pa mtsempha wa m'mphechepeche, n'kukatsogolera ndi makina a X-ray mpaka ku mtsempha wa chiberekero, n'kuthiramo tizidutswa tosungunuka totseka njira. Inayamba kugwiritsidwa ntchito pa amayi obereka mu 1979, ndipo imagwira bwino. Koma imafuna chipinda chake, katswiri wake, ndi mayi amene angapirire kusamutsidwa ndi kudikira. Ndi yoyenera amene akutaya magazi pang'onopang'ono pambuyo pa opaleshoni, kapena amene mtsempha watupa n'kuphulika patapita masiku. Mayi amene mimba ili yotsegula ndipo BP ikugwa sachoka pa tebulo.

Kuchotsa chiberekero

Mu 1876 Eduardo Porro wa ku Pavia ku Italy anachotsa chiberekero pambuyo pa siza, ndipo mayi ndi mwana anakhala ndi moyo, m'nthawi imene amayi ambiri ochitidwa siza ankafa ndi magazi kapena matenda. Mpaka lero imeneyi ndiyo njira imene imathetsa nkhani zina zonse zikakanika. Mtengo wake ndi waukulu: mayiyo sadzaberekanso, sadzasambanso. Kwa mtsikana wa mimba yoyamba, makamaka ngati mwana sanakhale ndi moyo, dzanja la dokotala limalemera, ndipo liyenera kulemera.

Koma kulemera kumeneko n'kumene kumapha. Ndinaonapo usiku wina chiberekero cha mayi wachichepere chikupulumutsidwa kwa maola awiri. Ulusi unaikidwa, tinadikira. Mitsempha inamangidwa, tinadikiranso. Mankhwala anabwerezedwa. Palibe amene anali waulesi kapena wosasamala, aliyense ankangofuna kuti mtsikanayo adzabereke mwana wina. Pamene mawu oti tichotse ananenedwa, magazi a m'botolo anali atasanduka ngati madzi ofiirira, opanda ndi kachibuma komwe, ndipo paliponse pamene singano yaboola, ngakhale pa dzanja pamene panali diripi, pankanyenya. Thupi linali lozizira. Chiberekero chinachotsedwa bwinobwino, koma magazi sanaleke chifukwa zoundanitsa zinali zitatha. Anapulumuka atakhala masiku m'chipinda cha odwala mwakayakaya, impso zitatsala pang'ono kuleka. Chikanachotsedwa ola limodzi m'mbuyo, akanataya chiberekero chomwecho popanda kufika pakhomo la imfa.

Mayi akataya magazi ambiri, zinthu zitatu zimayamba kukokana: thupi limazizira, asidi amachuluka m'magazi, ndipo magazi amaleka kuundana. Chilichonse chimakulitsa chinzake. Kumene amatha kuyeza, fibrinogen, imodzi mwa zoundanitsa magazi, ikatsika pansi pa magalamu 2 pa lita ndi chenjezo lalikulu. Kumene sangathe, magazi pang'ono m'kabotolo kopanda mankhwala amene sakuundana patapita mphindi 7 akunena zomwezo. Komanso mayi wachichepere amasunga BP yake nthawi yaitali n'kugwa kamodzin'kamodzi, choncho nambala ya kugunda kwa mtima ikafanana kapena kuposa nambala yapamwamba ya BP, dziwani kuti wataya ambiri kuposa amene mukuwaona.

Pa kuchotsako pali njira ziwiri. Kusiya khomo la chiberekero n'kwachangu, ndipo chikhodzodzo ndi mapaipi a impso sizikhala pangozi kwambiri, choncho pa chiberekero cholefuka n'kokwanira. Koma ngati magazi akuchokera m'munsi kapena pakhomo penipenipo, monga pa nsengwa yotsogola kapena yomerera, kusiya khomolo ndi kusiya gwero la vuto, ndiye chichotsedwe chonse. Timatumba ta mazira timasiyidwa, kotero mayi sakalamba msanga monga ambiri amaopera. Ngati magazi akunyenyabe pambuyo pake chifukwa chosaundana, kupitiriza kusoka sikuthandiza. M'chiuno mumapakiridwa nsalu zazikulu zowerengedwa bwino, mimba n'kutsekedwa mwachidule, mayi n'kutenthetsedwa ndi kuthiridwa magazi ndi zoundanitsa, ndipo nsaluzo zimachotsedwa patapita maola 24 mpaka 48.

Nsengwa yomerera, imene madokotala amaitcha placenta accreta, ili ndi malamulo akeake, ndipo ikuchuluka chifukwa siza ikuchuluka. Kafukufuku wa ku America wa mu 2006 anapeza kuti mwa amayi amene nsengwa inatsogola, inali yomerera mwa 3 pa 100 pa siza yoyamba, 11 pa yachiwiri, 40 pa yachitatu, ndi 61 pa yachinayi. Mayi wa zipsera ziwiri za siza amene sikani yaonetsa nsengwa pansi ayenera kuberekera kumene kuli magazi ndi madokotala ozolowera, pa tsiku lokonzedwa, kawirikawiri pakati pa masabata 34 ndi 36. Mukatsegula mimba n'kuona m'munsi mwa chiberekero mwatupa mobiriwira, mitsempha ikuluikulu itayanga pamwamba, imani. Mwana atulutsidwe pocheka kutali ndi nsengwa, ndipo nsengwayo isakokedwe. Apa kuchotsa chiberekero, nsengwa ili momwemo, kumakhala njira yoyamba, osati yomaliza. Alipo malo amene amadula gawo lomereralo n'kusoka, kapena kusiya nsengwa kuti ifote yokha, koma zimenezo zimafuna kuti mayi aziyang'aniridwa miyezi, ali wokonzeka kubwerera ku fiyeta tsiku lililonse chifukwa cha magazi kapena matenda.

Mukaziika pamodzi

Chiberekero cholefuka, mimba yotsegula, manja akuletsa magazi: ulusi wofinya, ndipo ukapanda kukwanira, mangani mitsempha ya m'mbali. M'munsi mukunyenya pamene panali nsengwa: sokani malowo, ikani baluni, mangani mitsempha cha m'munsi. Pakona pang'ambika: pezani pamene kung'ambikako kwathera, tsitsani chikhodzodzo, mangani mtsempha wa mbali imeneyo. Mimba inatsekedwa kale ndipo mayi akadali wolimba: baluni, kapena makina ojambulira ngati alipo. Mimba inatsekedwa, kumusi kuli kouma koma mayi akufooka ndipo mimba ikutupa: magazi ali m'kati, mutseguleninso osadikira sikani.

Mndandanda umenewu si makwerero oti aliyense apondepo sitepe iliyonse. Kumene magazi othira ndi ochepa, mwayi woyesa umakhala umodzi kapena iwiri basi, ndipo mayi amene analowa ali kale ndi magazi ochepa m'thupi alibe zoti n'kutaya. Mayi wa ana asanu amene wanena yekha kuti wamaliza kubereka sayenera kuikidwa pangozi chifukwa cha chiberekero chimene sakuchifunanso. Chimene chimathandiza kwambiri ndi kupatsa munthu mmodzi ntchito yoyang'ana wotchi ndi kunena mokweza: mphindi zakuti zapita, magazi akwana akuti. Dokotala amene maso ali m'chilonda sadziwa kuti nthawi yatha. Wogonetsa akanena kuti sakuthanso kubwezera, mawu akewo akhale omaliza. Ndipo wamkulu aitanidwe pamene ulusi woyamba ukuikidwa, asadikire kuti ulephere.

Zonsezi ziyambe mayi akadali maso. Pa fomu imene amasainira pasamangowerengedwa mothamanga kuti chiberekero chikhoza kuchotsedwa. Afunsidwe ngati akufunanso ana, auzidwe chimene chingachitike, makamaka ngati ali ndi zipsera zakale kapena nsengwa ili pansi. Yankho lake limapeputsa dzanja la dokotala nthawi ikafika.

Opaleshoni ikatha, maola oyamba ndi amene amayi ambiri amatayikira, ali pabedi nsalu itafundidwa. Mtima, BP, mkodzo, msinkhu wa chiberekero ndi thewera ziyang'anidwe mphindi 15 zilizonse poyamba. M'faelo mulembedwe momveka: ulusi wanji unaikidwa, mitsempha iti inamangidwa, baluni ili ndi madzi ochuluka bwanji ndipo ichotsedwe ola lanji, nsalu zingati zasiyidwa ndipo zili kuti. Mayiyo akatsitsimuka, amene anamuchita opaleshoni akhale pansi pambali pa bedi n'kumuuza yekha zimene zinachitika. Ngati chiberekero chatsala, adziwe kuti mimba yotsatira ayambe sikelo msanga ndipo adzaberekere ku chipatala chachikulu. Ngati khomo la chiberekero linasiyidwa, apitirize kuyezetsa khansa ya khomolo. Ndipo ngati mkaka ukukana kutuluka, akufooka kosalekeza, kapena miyezi ikupita osabwerera kumwezi chiberekero chilipo, abwere adzaonedwe, chifukwa kutaya magazi kwambiri kumatha kuwononga kachiwalo ka pansi pa ubongo kolamulira mahomoni, matenda amene Harold Sheehan anawalongosola mu 1937, ndipo mankhwala ake alipo.